Magazi a Ajibu ndi Fikirini

M'dzinja la 1970, Ajibu, wonyamula katundu pa bwalo la ndege la Chileka, anapita ku Lirangwe kukathandiza mng'ono wake Fikirini kufukula chitsime chomwe chinagumuka ndi mvula. Anagwira tsiku lonse m'matope ofika m'chiuno, ndipo onse awiri anachekeka m'miyendo ndi miyala. Patatha masiku atatu onse anatentha thupi. Ajibu anagona masiku awiri n'kudzuka. Fikirini mwendo unatupa mpaka m'ntchafu, mkodzo unasiya kutuluka, ndipo anayamba kubwebweta.

Mkazi wake, Mwanaidi, anamanga makhadi achipani pansonga ya chitenje, ndipo iye ndi Ajibu anamukweza wodwalayo pa lole ya chimanga mpaka kuchipatala chachikulu mu Blantyre. Kumeneko anamubaya penisilini ndi kumuika diripi, koma matendawo anangokulirakulira.

Tsiku lachitatu, ali pakhonde la wodi, Mwanaidi analankhula osamuyang'ana Ajibu.

"Alamu, munalowa dzenje limodzi. Inu mukuyenda, iwo ali gone. Zatheka bwanji?"

Ajibu anamva chimene funsolo linkatanthauza: ankamuganizira kuti walodza mng'ono wake. A January, othandiza dokotala mu wodimo, anali atamva. Anakhala nawo pabenchi.

"Mayi, tizilombo tinalowa mwa onse awiri," anatero. "M'magazi mwa munthu muli mapuloteni amene amagwira tizilombo n'kudzutsa thupi kuti lilimbane nato. Mwa alamu anuwa anagwira ntchito n'kuleka. Mwa amuna anu mwina anachedwa, mwinanso adzuka mopyola muyeso moti akuwononga impso ndi mitsempha yawo yomwe. Jakisoni amapha tizilombo, koma sangauze thupi kuti lileke."

"Nanga chifukwa chiyani iwo, osati ine?" anafunsa Ajibu.

"Sitikudziwa. N'chifukwa chake adokotala akupempha magazi pang'ono, anu ndi awo, kuti akawayeze kunja."

Chaka chimenecho m'Blantyre munali mphekesera yoti kuli anthu opopa magazi n'kumakagulitsa kunja, nkhani yomwe inkanenedwa monong'ona. Mwanaidi anaimirira.

"Mwamuna wanga watha kale, ndiye mumuchotsenso magazi?"

Ajibu anaganiza kuti yankho likabwera lidzamuyeretsa pamaso pa abale. Anapinda malaya n'kupereka mkono, ndipo monga mkulu wa wodwalayo anavomerezanso za Fikirini. Mwanaidi anangotuluka panja.

Fikirini anamwalira masana a tsiku lachisanu. Anakamuika ku Lirangwe m'mawa mwake. Ashehe atamaliza dua, Ajibu anaona kuti pamphasa pomwe anakhala panalibe amene anayandikira. Nkhani inali itafala kale kuti wagulitsa magazi a m'bale wake kwa azungu a pa ndege.

Mwezi uliwonse akapuma ntchito Ajibu ankapita kwa a January.

"Yankho labwera?"

"Silinabwere, bambo. Ndipo likabwera, mwina lidzathandiza odwala ena. Sindikulonjeza kuti lidzayankha funso lanu."

Chilimwe chitafika, Mwanaidi anatulukira kunyumba kwa Ajibu ku Chileka atabereka mwana wake Sikina, wa zaka zisanu. Mwanayo anali atalasidwa ndi chitsa, phazi litatupa, thupi lili moto. Mwanaidi sanapereke moni.

"Tiperekezeni kwa a January aja."

Kuchipatala Mwanaidi anagwira mkono wa a January ndi manja awiri.

"Ndiuzeni zoona. Magazi a mwanayu ali ngati a bambo ake kapena ngati a alamuwa?"

"Sindingathe kudziwa, mayi. Chimene ndikudziwa n'chakuti mwabwera naye msanga."

Sikina anachira patatha sabata. Ajibu anawaperekeza pokwerera basi ya ku Lirangwe ndipo anawagulira nthochi. Mwanaidi analandira, nati, "Zikomo, alamu." Koma mpaka pamene anakwatiwanso n'kusamukira ku Chigaru, sanadyeponso chakudya m'nyumba ya Ajibu.