Njinga Yosayandama

Njinga yamoto ya mateyala anayi inazunguliranso bwalo, ikumwaza chipale chofewa mpaka pakhomo. Kondrat anali pamwamba pake, ndevu zikuuluka, akuseka ngati mwana. Mkazi wake Ulyana anaima pakhonde atatsamira ndodo. Iye sankaseka.

"Mwaionatu, amalume!" anafuula Meelis, wamalonda wa ku Tartu amene anabweretsa njingayo pangolo. "Sikana matope, sikana mchenga. M'chisanu mupita nayo kunyanja, m'chilimwe muimangirira ngolo ikukokereni manyowa ndi nkhuni. Chaka chonse siigona."

Kondrat anazimitsa injini n'kusisita chiwongolero.

"Ulyana, tabwera udzaikhudze. Ili ndi zotenthetsera manja."

"Ikagwera m'madzi imayandama?" anafunsa Ulyana, osasuntha.

Meelis anakanda m'mutu. "Azakhali, imeneyi si bwato."

"Ndafunsa ngati imayandama."

"Ayi, imamira. Sindingakunamizeni. Koma munthu wanzeru sapita nayo pamene ayisi ndi wopyapyala."

"Ndiye walakwitsa khomo, mwanawe. Muno mulibe munthu wanzeru."

M'mudzi wa Varnja asodzi amalowa m'nyanja ya Peipsi ikaundana atakwera karakati, chigalimoto chopanga okha ndi thupi la galimoto yakale ndi zimateyala zofewa zofika m'chiuno mwa munthu. N'chonyansa, n'chaphokoso, koma ayisi akasweka mateyalawo amachisunga pamwamba pa madzi. Karakati ya Kondrat inafa kumapeto kwa chisanu chathachi. Yermolai, mlongo wake wa Ulyana, amene amapanga makarakati kuseri kwa nyumba yake, anaiyang'ana kunsi n'kunena kuti ingoikidwa m'manda. Banjali linagulitsa ng'ombe ndi kamunda ka kunkhalango, ndipo zimene linapeza zinkakwanira chinthu chimodzi basi: njingayo kapena karakati yatsopano.

Tsopano nyanja inali itaundana. Anzake a Kondrat anali atayamba kale kubwera ndi nsomba, iye ali pamtunda manja m'thumba. Yermolai anali ndi karakati imodzi yomalizidwa, koma munthu wa ku Kallaste ankabwera kudzaitenga mawa lake m'mawa. Anali atauza mlongo wake kuti ngati akuifuna, amudikira mpaka dzuwa litalowa.

"Tiloleni tikambirane kaye," anatero Kondrat. "Meelis, tayatsa fodya wako kunja kwa mpanda. Pabwalo panga sasuta."

M'nyumba Ulyana anathira tiyi koma palibe amene anamwa.

"Mwaiwala?" anayamba motsitsa mawu. "Chaka chija ayisi anatseguka kunsi kwanu, munapulumuka bwanji? Munaima padenga la karakati mukukupiza chipewa mpaka anthu anakakutengani. Ine ndinali m'bango ndikuona zonse. Mukanakhala pa chidole ichi, ndikanaona chipewa chokha."

"Nyanjayi ndinabadwira. Ndimaudziwa ayisi ngati mmene ndimadziwira nkhope yako."

"Nkhope yanga yasintha, nayenso ayisi wasintha. Chisanu cha masiku ano n'chisanu? Lero kwazizira, mawa mvula. Mphepo ikangotembenuka mng'alu watseguka kumbuyo kwanu."

"Ndidzaponda mosamala."

"Inu? Mukamva kuti nsomba zili patsogolo mumathamangira ngati mbuzi yaona chipata."

Kondrat anakankha kapu yake. Anayang'ana ndodo imene inatsamira patebulo, kenako anayang'ana pansi.

"Ukuganiza kuti ndikufuna njingayi chifukwa ikuwala? Ndinakuona, Ulyana. Nthawi yokolola ija ndinabwera msanga kuchokera kumaukonde. Unali pakati pa mizere ukukwawa ndi mawondo, thumba la anyezi utalimangirira m'chiuno ukulikoka ngati hatchi. Ukulira. Ndinabisala kuseri kwa shedi kuti usachite manyazi."



"Adokotala anati chiyani?" anapitiriza Kondrat. "Anati ukanyamulanso katundu chilimwe chimodzi, mwendo umenewo sudzapindikanso. Ine m'chilimwe ndimakhala m'bwato. Wilibala ayendetsa ndani? Mwana wathu ali ku Finland, abwera kudzakusenzera manyowa? Karakati ya mlongo wakoyo ndi yotambalala ngati nyumba. M'munda singalowe, pamsewu apolisi sailola, teyala limaphulika ndi chitsa chaching'ono. Ayisi akasungunuka imangokhala pabwalo nkhuku zikuikiramo mazira. Koma iyi ungayendetse wekha. Mpaka kunyumba yopemphereramo ingakufikitse."

"Ndifike kumapemphero pa njinga, mpango ukuuluka? Amayi aja afa nalo phwete."

"Aseke. Iwe ukhala ukuyenda."

Anyezi wa Ulyana ankadziwika mpaka ku Tartu. Mbewu yake inachokera kwa amayi ake, iwonso anailandira kwa amayi awo, ndipo sinasakanizidwepo ndi ya m'sitolo. Mizere yake italiitali inkadzaza malo onse kuchokera kuseri kwa nyumba mpaka kungalande. Anthu ankaimitsa magalimoto pachipata kudzagula nkhata za anyezi zimene iye ankaluka. Nsomba zinkawadyetsa m'chisanu, anyezi ankawadyetsa miyezi ina yonse.

"Ndiye anyezi athe," anatero Ulyana.

"Ukuti chiyani?"

"Athe. Ndisiya kulima."

"Wapenga? Tidya chiyani? Chisanu chafupika, nsomba zokha sizingatifikitse. Ndipo iwe popanda mizere ija ufa ndi kukhala. Ndimakudziwa." Kondrat anaimirira n'kuvala chipewa. "Zaka zonsezi ndakhala ndikukumvera. Lero undimvere. Ndikukagwirana chanza ndi Meelis."

"Kondrat!"

Chitseko chinatsekeka. Ulyana anamva chipale chikulira pansi pa nsapato za mwamuna wake. Ankadziwa kuti Kondrat akagwira dzanja la munthu, nkhani yatha, ngakhale atabwera mngelo. Anavala chijasi mabatani osamanga, anatenga ndodo n'kutsika masitepe mwendo umodziumodzi.

Anapeza amuna awiriwo atavula kale magolovesi kuti agwirane chanza. Anapita pa njinga, anataya ndodo m'chipale, anagwira mwendo wodwalawo ndi manja onse awiri n'kuudutsitsa pampando. Ululu unamufika m'mano, koma anakhala.

"Eee, azakhali aikonda!" anatero Meelis mosangalala.

"Gulani," anatero Ulyana akuyang'ana mwamuna wake. "Ndavomera. Koma mpandowu ndi wa anthu awiri. Tsiku lililonse mukamapita kunyanja, ine ndili pambuyo panu. Sindidzaimanso m'bango. Tiyeni tiyambe lero, tikaone kumene anzanu atchera."

"Tsika, Ulyana. Anthu akuona."

"Aone. Mwati mumaudziwa ayisi ngati nkhope yanga. Ndiye ndiope chiyani? Kwerani."

Kondrat anafiira mpaka m'khosi. Anali munthu wosafuna kuchititsidwa manyazi pamaso pa mlendo. Anakwera, analiza injini, ndipo njinga inatuluka pachipata n'kutsetsereka ndi kanjira ka pakati pa bango. Meelis anathamanga pambuyo akufuula kuti sanalipidwe.

Ulyana anakumbatira mwamuna wake m'chiuno. Mphepo inkamuluma kumaso. Bango linatha, nyanja inatseguka patsogolo pawo, yoyera mpaka kumene maso amalekezera. Kutali kwambiri kunkaoneka timadontho takuda, makarakati a anzawo. Mateyala akutsogolo anakwera pa ayisi, akumbuyo anatsatira. Anayenda pang'ono. Kenako kunsi kwawo kunamveka kulira kwakutali, kokhala ngati waya wamkulu akuduka, ndipo kunathamanga pansi pa ayisi kulowera kumpoto.

Phokoso limeneli Kondrat ankalimva chisanu chilichonse ndipo sankatembenuka n'komwe. Tsiku limeneli anagwira mabuleki mwamphamvu moti Ulyana anagunda mphuno pamsana pake.

"Mwaimiranji? Pitani."

"Khala chete."

"Si paja ayisi akamalira ndiye kuti akulimba? Mumatero inuyo. Pitani, Kondrat."

"Patsogolo apo pali pamene kamtsinje kamathira. Madzi ake ndi ofunda. Pamakhala popyapyala."

"Zungulirani."

"Sindikudziwa kuti chaka chino pafika pati!" anakuwa Kondrat. "Chipale chakwirira zonse! Ukufuna ndikumize?"

Mawuwo anamveka nyanja yonse. Ulyana anangomugwira. M'manja mwake ankamva nthiti za mwamuna wake zikukwera ndi kutsika, ndipo patapita kanthawi anazindikira kuti si kupuma kokha. Kondrat anapukuta ndevu ndi golovesi.

"Ndekha ndikanadutsa," anatero motsitsa.

"Ndikudziwa. Mukanadutsa lero, mwina mawanso."

Kondrat anabweza njinga cham'mbuyo pang'onopang'ono, potsata mizere imene mateyala anasiya, osakhota ngakhale pang'ono mpaka atafika pamchenga. Meelis anali ataima pamenepo, manja pamawondo, akupuma wefuwefu.

"Amalume, mwandichotsa moyo! Ndiye bwanji, yakusangalatsani?"

"Ndi njinga yabwino," anatero Kondrat. "Ilibe mlandu. Ikweze pangolo yako. Mafuta a ulendo wako ndikubwezera, ndipo usapite usanamwe tiyi."

Meelis anayang'ana Kondrat, anayang'ana Ulyana, n'kugwedeza mutu.

"Amayi anga akanachitanso chimodzimodzi," anatero. "N'chifukwa chake bambo anga amaweta njuchi, kunyanja sapitako."

Dzuwa lisanalowe Yermolai anafika ndi karakati. Inamveka isanaoneke. Inali yobiriwira mbali imodzi, yofiira mbali inayo, ndipo chitseko chake chinkatsekedwa ndi loko wa pakhola. Inalephera kulowa pachipata mpaka anazula mtengo umodzi wa mpanda.

"Alamu, nayu mkwatibwi wanu," anatero Yermolai akutsika. "Si wokongola, koma kusambira amatha. Ndamva kuti munapita kokayenda ndi mlongo wanga ngati achinyamata. Mudzi wonse ukukamba."

Kondrat anagwirana naye chanza osaseka. Anazungulira chigalimotocho akumenya teyala lililonse ndi chibakera, kenako anaima moyang'ana kuseri kwa nyumba, kumene mizere inagona pansi pa chipale.

"Yermolai," anaitana Ulyana ali pakhonde. "Mpongozi wako Taisia uja, paja ankadandaula kuti malo ake ndi ochepa?"

"Tsiku lililonse. Makutu anga atopa."

"Umuuze kuti chisanu chikatha adzalime kuseri kuno. Kuyambira pashedi mpaka kungalande. Ine nditsala ndi mizere iwiri ya pafupi ndi khomo. Mbewu ndimupatsa, koma asadzaisakanize ndi ya m'sitolo. Akadzatero ndidzamulanda."

Yermolai anasiya nthabwala. Anavula chipewa, anachiyang'ana mkati, n'kuchivalanso.

"Ulyana, waganiza bwino? Mbewu ya amayi imeneyo."

"Ikupita kwa mkazi wa mdzukulu wa amayi. Bwera utenge lero lomwe, ndisanasinthe maganizo."

Mbewuyo inkasungidwa m'timatumba tansalu pamwamba pa ng'anjo ya njerwa, pamalo ofunda ndi ouma. Ulyana anakoka benchi, anaikapo phazi, koma bondo linakana. Anayesanso. Kondrat, amene analowa pambuyo pake, anamugwira paphewa n'kumukhazika pampando. Anakwera yekha n'kuyamba kutsitsa timatumbato, kamodzikamodzi, akumupatsira m'manja. Ulyana ankamasula kalikonse, kulowetsamo zala, kununkhiza, n'kukapereka kwa mlongo wake.

Katumba komaliza, kakang'ono kuposa tonse, anakasunga pamiyendo.

"Mawa mudzuka nthawi yanji?" anafunsa.

"Kukangoyera."

"Ndikuphikirani mazira. Ndipo kamtsinje kaja mukakazungulire patali, ngakhale karakatiyo imayandama."