Mjigo Umene A Fanuel Ankaupempha Kutsidya

Madzi atakokolola nyumba zathu ku Makhanga, tinasamukira kumtunda, tsidya lino la Shire. Malowo ndi ouma bwino, koma mjigo kunalibe. Amayi ankatunga madzi kumtsinje, padooko pomwe ng'ona zimaothera dzuwa.

A Fanuel, oyandikana nane nyumba, nkhaniyi inkawadya mumtima, poti akazi awo a Esinala ankapita kudookoko m'mawa ndi madzulo. Choncho akawoloka pabwato kukalima kudimba lawo lakale, ankadzera kwa khansala wa kumeneko kukapempha mjigo. Musawaseke. Khansalayo tinamuvotera ndife, manda a makolo athu ali komweko, ndiye tonse tinkangoti wathu ndi yemweyo.

"Ndamva, bambo, koma nkhaniyi mukaitule kwanuko," ankatero khansalayo.

"Kwathu n'kuti? Mchombo wanga uli kuno," ankayankha a Fanuel, n'kubwerako atatupa ndi mkwiyo. Ankaona ngati munthuyo akungowazemba.

Dzinja linatha, chilimwe n'kulowa. Tsiku lina a Esinala anapita kudooko ndi mnzawo Veronika, mayi wa ana atatu. Anabwerako okha, ndowa ataitaya, akulira mosatonthozeka. Ng'ona inali itamugwira Veronika iwo akuona.

Pamaliro a Veronika, anthu atayamba kubalalika, a Fanuel anangoti, "Mawa akhala Esinala. Ndapempha mpaka mapazi kung'ambika, boma silimva."

A Priska, mayi amene tinawapeza kumtundako, anasendera pafupi. Iwo ali mu komiti ya chitukuko ya m'mudzi umene unatilandira.

"Pepani a Fanuel, munkapempha kwa yani?"

"Kwa khansala wathu, kutsidya."

A Priska anapukusa mutu. "Nkhabe, bambo," anatero m'Chisena. "Amene uja sankakunamizani. Boma lathuli analigawa m'mawodi, ndipo wodi iliyonse ili ndi khansala wake. Ngakhale ku Lilongwe, mzinda waukulu uja, anaugawa chimodzimodzi. Khansala amalankhulira malo a m'wodi yake. Sangapemphe mjigo wa m'wodi ya mnzake, monganso inu simungapalire dimba la eni."

"Nanga ife ndife a yani?"

"Pamene mukugona ndi pamene pali wodi yanu. Vuto limayambira ku komiti yathu ya m'mudzi. Ife timalipititsa ku komiti ya chitukuko ya dera lonse la mfumu yaikulu, kenako khansala amakalitula kukhonsolo, komwe amagawa zitukuko. Nafenso tinalakwa. Timakuitanani kumisonkhano, inu n'kumati ndinu alendo, ife n'kungokusiyani."

A Fanuel anayang'ana ana a Veronika atakhala pamkeka. Misozi inatsika, osaipukuta n'komwe.

Pamsonkhano wotsatira tinapitako tonse osamuka. A Esinala anaimirira nafotokoza zomwe anaona padooko. Komiti inagwirizana kuti mjigo wathu ukhale patsogolo pa zopempha zonse, ndipo khansala wa wodi yathu, amene ambirife tinamuona koyamba tsiku limenelo, anaitenga nkhaniyo. Sizinachitike msanga ayi. Tinadikira miyezi, amuna tikusinthana kuperekeza amayi kudooko ndi nsungwi m'manja. A Fanuel sankajomba msonkhano, ankafunsa mpaka a Priska kuwatcha wapampando wopanda mpando.

Mvula isanagwe, galimoto yokumba mjigo inafika. Madzi atatuluka panalibe nthungululu zambiri. A Esinala anapopa ndowa yoyamba, anaisenza, n'kukaitula pakhomo pa ana a Veronika.

Abale anga, dziwani wodi imene mukukhala, khansala wake ndi komiti ya m'mudzi mwanu. Mukasamuka, mukalowe m'misonkhano ya kumene mwafikako ndipo mavuto anu mukawatule komweko. Ife tinadziwa mochedwa, ndipo madzi tikumwawa tinawapeza Veronika atapita.