Dzina la Bambo pa Tsamba la Sukulu

Chitsiriza anatsegulanso tsamba la sukulu la pa intaneti, napeza chiganizo chake kulibe.

"Achotsanso," anatero osacheuka.

Achemwali ake anali atagwada pansi, akukanikiza sutikesi ndi bondo kuti itsekeke. Basi yawo inali yonyamuka masana omwewo, koma kuyambira m'mawa ankangolongedza n'kutulutsanso.

"Bwezera. Ndi ahedi aja, eti? Kumaliro sanabwere, pano akufufuta ndi dzina lomwe."

"Si iwowo. Ndi wina wodzitcha Shelefu."

Bambo awo atapuma uphunzitsi anayamba kulemba za masukulu mu insaikulopediya ya pa intaneti, ija aliyense amaloledwa kulembamo ndi kukonzamo. Ankalemba pa dzina loti Fumbi la Choko. Maliro atatha, achemwali anatsegula tsamba la sukulu imene bambo anaphunzitsapo mpaka imvi. Munali chaka chimene sukuluyo inatsegulidwa, midadada ya makalasi, ngakhale mphepo imene inasasula denga la holo. Dzina la bambo munalibe.

"Iwe umangokhala pakhomo, komanso makompyuta umawadziwa," anamuuza tsiku limenelo. "Achitireko chinthu chimodzi chokha bambo ako."

Mawuwo anamulasa pomwe panali kale bala. Chisiyireni koleji, iye ndi bambo ake ankalankhulana za magetsi osazimitsa ndi geti yosatseka basi. Choncho anatenga laputopu ya bambo, yomwe inkalowa yokha mu akaunti yawo, nalemba kuti sukuluyi inatchuka chifukwa cha mphunzitsi wodzipereka, wokondedwa ndi onse. Anaika dzina lonse. Chiganizocho sichinkachedwa kuchotsedwa, iyenso sankachedwa kuchibwezera.

Anadzuka, nayang'ana pawindo, nakhalanso. Akuyamba kulembanso, kunamveka odi.

Anali mtsikana wovala sweta ya kuntchito, baji ya laibulale ikulendewera m'khosi. Anapepesa maliro mwaulemu, nakhala m'mphepete mwa sofa, maso ali pa laputopu.

"Shelefu uja ndine," anatero.

Achemwali anasiya sutikesi ija, chivindikiro chinadzuka chokha.

"Ndiye mwabwera kudzatipepesa kapena kudzatifufuta?"

"Pepani, achemwali. Nditaona Fumbi la Choko akulemba, ndinadabwa. Kumanda ndinali nanu. Ndiye ndinadziwa kuti ndi wina wa m'nyumba muno. Komanso iwo sakanalemba choncho."

"Mukuwadziwa kuposa ife ana awo?"

"Ayi. Ndimangodziwa kalembedwe kawo. Ndiwo anandiphunzitsa."

Anafotokoza kuti bambo ankabwera ku laibulale masana, n'kukhala pa tebulo la pafupi ndi nyuzipepala zakale. Tsiku lina anamupeza akulimbana ndi nkhani yake yoyamba, nakoka mpando.

"Ndinali nditalemba kuti sukulu yotchuka kwambiri. Anandifunsa kuti, 'Akutero ndani?' Ndinati aliyense akudziwa. Iwo akuti, 'Aliyenseyo ali pa shelefu iti? Kamtengeni timuwerenge.'"

Chitsiriza anatsala pang'ono kuseka. Mawuwo anali a bambo ake enieni. Kungoti iye anali asanawamve akuseleula kwa nthawi yaitali. Masana onse aja, iye atadzitsekera m'chipinda, bambo anali ndi mpando woti akoke, koma pambali pa mwana wa eni.

"Ankati yambani ndi kumene sukulu ili ndi pamene inayamba, ndipo chilichonse chikhale ndi buku kapena nyuzipepala yochichitira umboni," anapitiriza mtsikanayo. "Mayina a ana asukulu osaika. Mawu otamanda asiyireni a pa mwambo wotsanzikana. Ndipo sukulu yako, kapena m'bale wako, sulemba wekha, dzanja limakondera. Ndiye chifukwa chake tsamba ili anandipatsa ine."

"Nanga inuyo bwanji simunawaike?" anafunsa Chitsiriza.

"Ndinawaika. Anachotsa okha, ine ndili pomwepo."

Achemwali anaimirira, nayenda mpaka kukhomo la kukhitchini, nabwerera.

"Munthu waphunzitsa mpaka mawu kusasa, mpaka mapapo kudzaza choko. Denga lalembedwa. Denga. Iye apite ngati sanakhaleko?"

"Ngati pali nyuzipepala kapena buku limene linalemba za iwo, ndipatseni, ndiika lero lomwe."

Onse ankadziwa kuti kulibe. M'chipinda munamveka amayi akukoka dilowa, kenako zii.

"Chimene ndabwerera ndi ichi," anatero mtsikanayo motsitsa mawu. "Oyang'anira insaikulopediya aona kuti mukungobwezera. Mukabwezeranso, atseka akaunti yawo, n'kulembapo kuti mwini wake amasokoneza masamba. Aliyense wofufuza Fumbi la Choko azidzayamba kuona zimenezo. Pa zaka zonsezi sanadzudzulidwepo."

"Akungokuopseza," anatero achemwali. "Bwezera, Chitsiriza. Basi indisiya."

Chiganizo chinali chitalembedwa kale m'bokosi, chikungodikira batani. Chitsiriza anaika chala pamenepo. Ndi chinthu chokhacho chimene anapemphedwa, ndiponso chokhacho chimene akanatha kumaliza.

"Pa tsamba lonseli, chawo n'chiyani?" anafunsa, chala chili pomwepo. "Palibe ngakhale chimodzi?"

"Chithunzi. Chimenecho ankati chilibe dzanja lokondera."

Mtsikanayo anawerama, natsegula chithunzi cha pamwamba pa tsambalo, nachikulitsa. Chinali chikwangwani cha sukulu, chojambulidwa m'mawa dzuwa lili kumbuyo kwa wojambula. Pansi, pakona yakumanzere, pa dothi lofiira, panali mthunzi wa munthu. Zigongono zinali zotambasuka, foni ili m'mwamba, thupi lonse litapendekera kumbali kuyambira m'chiuno.

"Anajambula kambirimbiri," anatero mtsikanayo. "Mthunzi wawo unkagwera pa dzina la sukulu. Apa ndi pamene anautha, pang'ono kugwera m'ngalande."

Achemwali anabwera kudzaima kumbuyo kwa mpando. Chitsiriza anamva dzanja lawo likugwira mutu wa mpandowo mpaka unalira.

Anafufuta chiganizo chake liwu ndi liwu, kuyambira kumapeto, mpaka linatsala dzina lokha. Analiyang'ana kanthawi, nalifufutanso. Kenako anapita pakona pomwe panalembedwa kuti Fumbi la Choko.

"Mawu achinsinsi ukuwadziwa?" anafunsa achemwali.

"Ayi."

"Ndiye ukatuluka sudzalowanso."

"Ndikudziwa."

Anatuluka mu akauntiyo. Tsamba linabwerera monga limaonekera kwa mlendo aliyense. Achemwali anatambasula dzanja podutsa paphewa pake, nakhudza galasi la laputopu ndi nsonga ya chala, pakona paja pomwe bambo awo anali atapendekera kumbali kuti dzina la sukulu liwerengeke.