Kaseti ya Nungu Wometa

Tsabola anaisaka kasetiyo zaka zitatu, ndipo anaipeza pansi pa mwendo wa tebulo.

Munali m'kasitolo ka bambo wina wogulitsa zakale, momwe iye ankakonda kukasakamo zipangizo, poti ntchito yake inali yokonza mafoni ndi mawailesi. Tebulo la bamboyo linali lotsimphina, ndiye analichirikiza ndi kaseti ya vidiyo. Tsabola atawerama kuti atole kasikuluu komwe kanagwa, anaona chithunzi chofwifwa pachikuto: nungu atavala epuloni, sizasi ili m'manja.

"Bambo, nyamulani tebuloli."

"Katundu agwa, mayi."

"Agwe! Nyamulani!"

Makatuni a Nungu Wometa sanaonetsedwepo pa wailesi ya kanema. Anangotuluka makaseti asanu ndi imodzi, n'kugulitsidwa m'sitolo ziwiri zitatu, kenako kampani yake inatsekedwa Tsabola asanayambe n'komwe sukulu. Bambo ake, amene tsopano ankalemba zikwangwani za mashopu, ankati nyama zonse za m'menemo ankajambula ndi iwo, pepala ndi pepala, mulu wa mapepala kuti nungu angoyasamula kamodzi. Koma chosonyeza analibe. Mapepala anatsala kwa bwana wa kampaniyo, kaseti yawo inapita ndi wobwereka, ndipo mayi ake a Tsabola, amene akanawaikira umboni, anamwalira iye ali ndi zaka khumi ndi ziwiri.

Amene nkhaniyi inkawakomera anali amalume, mlongo wawo wa mayi, kalaliki wopuma ntchito, wadazi long'anima ndi jekete losavula ngakhale dzuwa liswe mtengo. Banja likasonkhana, ankagogoda wotchi yawo ndi zala ziwiri, monga ankachitira nthawi zonse asanayankhule, n'kuyamba:

"Alamu, tatisimbireni za filimu yanu ija, imene munaionera nokha."

Anthu ankaseka. Bambo ankangomwetulira n'kuyang'ana penti wa m'zikhadabo mwawo. Tsabola ndiye sankaseka nawo. Tsiku lina anamenyetsa kapu patebulo mpaka chogwirira chinatsala m'manja, ndipo tsiku lomwelo analumbira kuti kasetiyo adzaipeza.

Tepi yake inali itachita chuku. Anatsegula kasetiyo n'kukhalira kupukuta ndi thonje loviika mu sipiriti, akuzunguza ndi chala pang'onopang'ono, sabata yathunthu. Poduka analumikiza ndi selotepi. Deki yoonetsera vidiyoyo anaipanga kuchokera ku madeki atatu akufa. Sanafune kuionera yekha. Anangoyesa mpaka chithunzi chitabwera, n'kuzimitsa.

Lamlungu masana anaitanira onse kwa bambo ake. Amalume anakhala pampando wabwino uja, ana awiri a mng'ono wake anakhala pansi, bambo anaima chotsamira khoma ngati mlendo m'nyumba yawo yomwe.

Deki inameza kaseti n'kulira ngati ikutafuna mchenga. Mizere inathamanga, kanyimbo kanayamba, kenako panabwera malemba. Wolemba nkhani: dzina la bwana. Wotsogolera: dzina la bwana. Wojambula: dzina lomwelo.

Malemba anatha. Dzina la bambo panalibe.

Amalume anagogoda wotchi. "Alamu, kapena nthawi imeneyo munali ndi dzina lina?"

Tsabola anamva magazi akukwera kumutu. Zaka zitatu! Mbala ya munthu, kudya thukuta la mnzake mpaka kumulanda ndi dzina lomwe! Anadzambatuka kuti azule waya kukhoma.

"Khala pansi, mwanawe," anatero bambo ake mofatsa. "Mayina amalemba ndi mwini makina. Isiye iyende."

Anakhala, nsagwada zitalumana.

Mitundu inali itasuluka, mawu akumveka ngati akuchokera m'chidebe. Nungu anali m'kashopu kake, akumeta ndevu za tonde, tondeyo akudandaula kuti mbali ina yafupika. Nungu akalinganiza uku, kwina kukutalika, mpaka tonde anatsala chibwano mbee. Ana anaseka mpaka kugubuduka. Amalume ankamwa tiyi wawo ngati sakuona.

Kenako chitseko cha kashopuko chinatseguka. Analowa bakha, beseni la matawulo lili m'chiuno. Sanatembenuke kuti atseke. Anangokankha chitseko ndi chidendene, phaa! Anatula beseni, n'kupukutira manja kumbuyo kwa siketi kawiri, kenako anatulutsa mlomo wam'munsi n'kuuzira kanthenga komwe kanagwera pachipumi.

Tsabola anasendera pafupi. Chidendene chimenecho ankachidziwa. Anakula akumva phaa ameneyo m'mawa uliwonse, chitseko cha kukhitchini chikutsekedwa ndi munthu amene manja ake sankakhala opanda katundu.

Kapu ya amalume inaima m'malere.

"Bwezera," anatero.

Tsabola anabwezera. Bakha analowanso. Phaa!

"Bwezeranso."

Kachitatu amalume anaika kapu pansi, tiyi akutayikira m'sosala. "Mlongo wanga uyu," anatero. "Chidendene ichi mayi athu ankamukalipira nacho tsiku ndi tsiku. Ankati adzathyola zitseko za eni."

"Anathyola ziwiri," anatero bambo. Anali atachoka pakhoma paja. "Bwana ankafuna bakha azitseka ndi phiko. Ine ndinati ayi, bakha wotanganidwa satero. Ndinamuimika mayi wakoyo pakhomo paja, ine pensulo m'manja: lowanso, tsekanso, lowanso. Pomaliza anati ndikamuuzanso kamodzi, besenilo andiveka kumutu. Kuuzira kanthengako ndi mkwiyo umenewo."

Amalume anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi nthawi yaitali.

"Alamu," anatero chapansipansi, "munajambuladi ndinu."

"Kwezani mawu, amalume," anatero Tsabola. "Ana sanamve."

"Iwe mwana iwe..."

"Poseka munkakweza."

Amalume anamuyang'ana, kenako anatembenukira kwa anawo. "Mukuona nyama zonsezi? Anajambula ndi agogo anuwa. Ndi manja awo. Ine ndinkalakwa."

Anawo anatembenuka n'kuyang'ana agogo awo ngati akuwaona koyamba. Wamng'ono anakwawa n'kukagwira chala chawo cha penti chija, akuchitembenuza uku ndi uku. Tsabola anamva chifuwa chake chikufutukuka mpaka bulauzi kuthina. Anatenga chikuto cha kaseti, n'kulemba dzina la bambo ake ndi cholembera chakuda, zilembo zikuluzikulu, pamwamba penipeni pa dzina la bwana.

Pakanema paja chitseko chinatsegukanso. Analowa chule wa jekete, mutu uli ng'aning'ani wopanda ndi katsitsi komwe. Anakhala pampando wabwino osauzidwa, anagogoda wotchi yake ndi zala ziwiri, n'kulamula nungu kuti amumete msanga chifukwa iye ndi munthu wa muofesi.

Ana anayang'ana chule. Anayang'ana amalume. Anayang'ananso chule.

Amalume anakweza zala ziwiri kuti agogode wotchi, n'kuzisiya m'malere.

"Chule ameneyu ine sindikumudziwa," anatero.

"Ameneyu sanandivute n'komwe," anayankha bambo, akukhala pansi pakati pa adzukulu awo. "Ankabwera yekha Lamlungu lililonse."