Tindege Pamwamba pa Shopu ya Atelala

Shopu ya Atelala inali m'mphepete mwa msewu wopita kudepoti ya kampani yotumiza maphukusi. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri magalimoto a kampaniyo ankadutsa pamenepo kuyambira mbandakucha, fumbi lili koboo, utsi uli tolotolo. Atelalawo, mayi wosoka zovala, akapachika diresi yoyera pakhonde, pofika masana inali itatuwa. Koma chowadya mtima kwambiri chinali mwana wawo wamkazi, wodwala mphumu, amene sabata siinkatha asanathamangire naye kuchipatala.

Tsiku lina mlamu wawo, dalaivala wa kampaniyo, anafika nkhope ili khwinyaa.

"Alamu, madzi achita katondo. Akuti maphukusi azinyamula madroni, tindege topanda woyendetsa tija. Ife tidya chiyani?"

Atelala anamumvera chisoni mlamuyo, koma mumtima ankawerenga kale magalimoto amene achoke pamsewu.

Mwayi wake mlamuyo, ntchito sinathe. Kampani inamuphunzitsa kusintha mabatire a tindegeto. Magalimoto atachoka pamsewu, fumbi linazilala, ndipo mwana uja anatha teremu yonse osajomba kusukulu. Atelala ankati akamuona akudumpha chingwe ndi anzake, ankaimitsa makina n'kumangomuyang'ana.

Chinawadandaulitsa n'chimodzi. Tindegeto tinkadutsa ndendende pamwamba pa mtengo waukulu kuseri kwa shopu, tikulira ngati njuchi zolusa, ndipo mbalame zinathawa n'kusiya mazira m'zisa.

"Alamu," anatero Atelala, "mpweya mwatibwezera, zikomo. Nanga mbalamezi zinakulakwirani chiyani?"

"Ine ndine wa mabatire chabe, alamu. Abwana angandimvere?"

"Pakamwa muli napo. Pa ukwati wanu munalankhula maola awiri."

Mlamuyo anaseka, koma mawa lake anagogodadi pa ofesi ya abwana. Anamubweza kawiri. Kachitatu anabwera kushopu ndi mayi wojambula njira za tindegeto, amene anaima pansi pa mtengowo n'kuona yekha zisa zopanda eni. Pasanathe mwezi, njira inasunthidwa kuti izitsata njanji. Mbalame zinabwerera, ngakhale si zonse.

Atelala anasoka ovolosi yabuluu, matumba anayi, n'kukamupatsa mlamuyo kudepoti komweko. Iye anaivala pamaso pa anzake. Miyendo ya ovolosiyo inalekeza m'akatumba.

"Alamu, mwandiyesa mwana wasukulu?"

"Vulani ndikaonjezere," anatero Atelala, misozi ya chiseko ili mbwembwembwe.

"Ayi ndithu," anayankha iye, akumanga mabatani. "Imeneyi ndaweruka nayo."