Wayilesi ya Abambo

"Yadukanso!" anatero Nesi, atakwezera foni pazenera ngati wopempha mvula.

Panali patapita masiku anayi chiikireni bambo ake m'manda. Kanyumba ka wayilesi kamene malemuwo ankakonda, koyenda ndi zopereka za omvera, kanalonjeza kuti folo koloko kanenapo za iwo. Wayilesi ya pakhomo inali itasweka pa chipwirikiti cha maliro, ndiye Nesi, mwana woyamba, ankalimbana ndi intaneti. Amayi ake anali atakhala pampando, manja pamiyendo.

"Mukuvutikiranji, achemwali?" anatero mlongo wake, atatsamira khoma. "Anthu amenewa anawadyera abambo mokwanira. Mwezi ndi mwezi kupereka, denga likudontha. Pamaliro munawaona?"

"Khala chete, iwe. Ukanakonzetsa wayilesi dzana bwenzi tili pamavuto awa?"

"Chilichonse ndine! Nanga inu manja mulibe?"

Nesi anatuluka panja, nazungulira nyumba, nakwera pa njerwa za kuseri. Mawu anabwera, mbalambanda, ndipo iye anathamangira nayo foniyo m'nyumba.

"...kalipentala wathu, awuse mumtendere. Tsopano timvere nyimbo."

Basi. Zonse zinali zitawapita. Nesi anaponya foni patebulo, misozi yaukali ili lengelenge. Zaka zonsezi bambo ake ankamuletsa kuyankhula pulogalamu ikayamba, ndiye lero ngakhale mawu owatsanzika omwe amumana?

Amayi anawerama n'kuyamba kuvala nsapato.

"Mukupita kuti, amayi?"

"Pakamwa pamene panena zimenezo palipobe. Ndiperekezeni."

Anakapeza kuti wayilesi yotchukayo ndi tizipinda tiwiri pamwamba pa sitolo ya utoto. Muulutsi, mayi wa imvi, ataona nkhope ya Nesi, yofanana ndi ya bambo ake, sanafunse n'komwe. Anawagwira manja onse atatu.

"Pepani sitinafike. Uthenga tinaulandira mwambo utatha."

"Sitinamve zimene mwanena," anatero amayi. "Mubwereze."

"Ndanena za chitseko ichi." Muulutsi analoza chitseko cha chipinda choulutsira mawu. "Tsiku lina kale malemuwa anatiimbira foni, akuti, 'Chitseko chanucho chikumveka mpaka kwathu, chikundisokoneza nkhani.' Tinaseka. Mawa lake ndi awa, kabotolo ka oyilo m'thumba. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ankabwera, kudontheza pa mahinjesi, kumvetsera, n'kumapita. Tinawapempha kambirimbiri kuti apereke moni pa wayilesi. Ankati, 'Ine ntchito yanga ndi yoti ndisamveke.'"

Mlongo uja anayang'ana pansi. Nesi anakumbukira ma Loweruka onse aja amene bambo ake ankati akukaona matabwa.

Amayi anayandikira chitseko chija, nachikankha ndi chala chimodzi. Chinatseguka osati n'kwi komwe.

"Munthu ameneyu!" anatero, akupukusa mutu. "Cha kuchipinda kwathu chakhala chikulira zaka zisanu. Ndikanena, ankati, 'Chisiye, mayi, chimandiuza kuti walowa ndiwe.'"

Anachikoka pang'onopang'ono mpaka chinatsekeka, dzanja lawo n'kutsalira pachogwirira.