Alendo a M'munda wa Tirigu

Terrence Hrycak adalowa m'nyumba yosamalira okalamba ya m'tauni ya Brandon osasasa n'komwe chipale chofewa kunsapato zake. Adali mwamuna wamtali wa imvi zoyamba kumene, wogulitsa zipangizo za mathirakitala. Pakhonde adakumana ndi Marites, mayi wochokera ku Philippines amene ankakonza zosangalatsa okalambawo, akukankha kangolo ka makapu a khofi.

"Ndinu amene mukuwawerengera amayi anga buku lazopusa lija?"

"Mwaswera bwanji, bambo Hrycak?" adatero Marites mosatekeseka. "Buku lake liti? Timawerenga ambiri."

"La zamoyo zochokera kunyenyezi. Dzulo andiimbira foni ndili pakati pa anthu. Akuti, 'Terry, alendo aja atera m'munda wa tirigu koma sakutuluka m'chombo, ndipo palibe amene waganiza zowapatsa chakudya.' Ndikufunsa kuti alendo ake ati, akuti a kumwamba! Munthu mutu ukumuvuta kale, inu n'kumathiramonso zimenezi?"

Mutu unkawavutadi amayi akewo, mayi Stefania. Chaka chathacho adasiya mbaula ikuyaka mpaka poto adapserera, ndipo tsiku lina adapezeka pamsewu atavala zogonera, akufunafuna basi imene idasiya kalekale kuyenda. N'chifukwa chake Terrence adawabweretsa kuno. Dokotala adachenjeza kuti zikadzakula adzafunika kusamukira ku mbali yokhoma, kumene kumakhala oiwala kwambiri. M'mawa wa tsiku limeneli mkulu wa nyumbayo adamuuza Terrence pafoni kuti kumbali kuja kwapezeka bedi. Iye adabwera kudzalilandira.

"Gulu lathu likukumana pompano," adatero Marites. "Lowani mumve nokha. Mukatuluka n'kunena kuti ndisiye, ndisiya. Koma paja safunsa anadya phula."

Terrence adafuna kuyankha, koma mayiyo adali atakankha kale chitseko ndi kangolo kake.

M'chipindamo mudali okalamba angapo atazungulira tebulo pafupi ndi zenera. Mayi Stefania adali atavala juzi yofiira, milomo atapaka bwinobwino. Atamuona mwana wawo adakweza magalasi.

"Taonani, mwana wanga wabwera pakati pa sabata! Kwamwalira ndani?"

Onse adaseka. Terrence adawapsompsona pachipumi n'kukakhala pampando wa kukhoma, chipewa chili pabondo.

Marites adagawa khofi, kenaka adatsegula buku lokhuthala la chikuto chobiriwira n'kuyamba kuwerenga mokweza. Chombo cha alendowo chidali chitagona m'munda nyengo yonse yozizira. Asilikali adachizungulira ndi mfuti. Akatswiri ankachiwalitsira magetsi amitundumitundu, ankachiimbira nyimbo, ankachitumizira manambala. Chombocho chidangoti zii.

Atatseka bukulo, woyamba kulankhula adali a Abe Penner, mlimi wakale wamakutu ovuta, amene ankalankhula ngati akuitana ng'ombe kutsidya.

"Ine ndinanena kale, bukuli ndi labodza! Chinthu chatera m'munda wa munthu osapempha, tirigu yense waphwanyika, koma wolembayu mwini munda sakumutchula n'komwe. Akanakhala munda wanga, ndikanachimangirira kuthirakitala n'kukachitaya kumsewu."

"Ine changa n'chimodzi," adatero mayi Lavallee, amene ankaluka sokosi yosatha. "Masamba onsewa, palibe ngakhale mmodzi amene wafunsira mnzake. Katswiri wamkazi uja ndi msilikali uja akungoyang'anizana. Buku lotani lopanda chikondi?"

"Zimenezo muzikafuna kuchipinda chodyera, mayi," adatero a Penner. "Ine ndilipo."

"Ndinakuonani mano anu ali m'kapu. Zikomo."

Chipinda chonse chidati gwedegwede ndi kuseka. Ngakhale Terrence adabisa pakamwa.

"Nanga inu agogo Stefania?" adafunsa Marites.

Mayi Stefania adayamba aika kapu pansi mosamala.

"Wolembayu ndi wanzeru, ndipo ndikumukonda. Koma sanakhalepo mlendo. Anthu ake onsewa akufunsa kuti, akufuna chiyani kwa ife? Abwera kudzalanda chiyani? Palibe akufunsa kuti mkatimo akumva bwanji. Ine ndikukuuzani, zamoyo zimenezo sizikudzikuza ayi. Zikunjenjemera."

"Mwadziwa bwanji?" adakuwa a Penner. "Munalowamo?"

"Ndinakhalamo, bambo inu. Nkhondo itatha tinabwera kuno ine ndi amayi anga, ndili kamtsikana. Sitima yapamadzi, kenaka yapamtunda, kenaka ngolo. Anatitula pakanyumba kamatabwa pamunda wa munthu wina. Chingerezi sitinkadziwa ngakhale liwu limodzi. Amayi anatseka chitseko n'kuchitchinga ndi mpando. Anthu ankaima pamsewu kumatiyang'ana, ena kumaloza. Mwina ankatifunira zabwino, koma ife tikanadziwa bwanji? Kumene tinkachokera, anthu akaima pamsewu kumaloza nyumba yako, m'mawa mwake nyumbayo inkakhala phulusa."

Mayi Lavallee adasiya kuluka.

"Tinakhala choncho masiku ndithu, tikudya buledi wouma wa m'thumba. Ndiye tsiku lina kunabwera mayi wina wonenepa wa munda woyandikana nafe, atanyamula poto wa supu. Anagogoda, ife duu. Anagogodanso, ife duu. Sanachoke. Anakhala pansi pakhomo pomwepo, kuzizira kuja, pamalo poti tizimuona pawindo. Anavundukula poto, natenga supuni, n'kuyamba kumwa yekha. Kutionetsa kuti mulibe mankhwala. Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anachotsa mpando uja."

"Ankalankhula chinenero chanu?" adafunsa Marites.

"Ngakhale pang'ono. Supu yake inalinso yamchere wambiri. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Awa a m'bukuwa akufuna nkhono itulutse maso kwinaku akuigogoda ndi mfuti."

A Penner adakanda mutu. "Nanga ngati zamoyozo zilibe pakamwa pomwera supu?"

"Bola zimenezo," adatero mayi Stefania. "Inu pakamwa muli napo, koma taonani zimene zimatulukapo."

Kuseka kudabukanso, ndipo a Penner ndiwo adaseka kwambiri mpaka kutsokomola. Mtsutso udapitirira. Ena adati alendowo adzatuluka, ena adati adzanyamuka osatsanzika, ndipo mayi Lavallee adaumirira kuti mkati mwa chombomo muyenera kuti muli ukwati.

Terrence sadamve zambiri za mtsutsowo. Moyo wake wonse, akafunsa za kubwera kwawo, amayi ake ankangoti, "Tinabwera pasitima, basi, idya chakudya chizizira." Za mpando wotchinga chitseko adazimva tsiku limenelo, pamodzi ndi anthu achilendo.

Gulu litabalalika adawagwira mkono kuwaperekeza kuchipinda kwawo. Ankayenda pang'onopang'ono.

"Amayi, foni ya dzulo ija munandiopsa. Bwanji simunanene kuti ndi za m'buku?"

"Iwe, nkhani yokoma munthu amayamba n'kuti 'ndamva m'buku'? Ukanandiuza kuti uli ndi makasitomala. Dzulo unamvetsera mpaka kumapeto."

Atafika pamene khonde lidagawikana, mayiwo adaima. Adayang'ana kumanja, adayang'ana kumanzere. Dzanja lawo lidafinya mkono wake.

"Mykola, kodi kwathu ndi uku?"

Mykola lidali dzina la malemu mwamuna wawo. Terrence adawalozera njira.

"Ndi uku, amayi. Chitseko cha maluwa achikasu chija."

Adayenda mpaka kulowa m'chipindamo. Kenaka mayi Stefania adapumira m'mwamba.

"Ndakutchula dzina la atate ako, eti?"

"Palibe kanthu."

"Kanthu kalipo, usandinyengerere ngati mwana. Ndikudziwa chimene wabwerera. Muno nkhani zimayenda kuposa njinga za olumala. A Penner andiuza pa kadzutsa kuti kumbali yokhoma kwapezeka bedi." Adakhala pabedi lawo n'kuvula magalasi. "Sindikukana, mwanawe. Tsiku lake lidzafika, ndipo likadzafika usadzadziimbe mlandu. Mutu uno ukudontha ngati denga lakale, ndikumva ndekha. Koma pakali pano anzangawa ndikuwazindikira, ndipo nkhalamba ija ndikutha kuiyankha. Ndilole ndimve mmene bukuli lithere. Ndikufuna ndidziwe ngati adzatuluke."

Terrence adagwada n'kuwavula nsapato. Adachedwa nazo zingwe kuposa mmene zinkafunikira.

"Mayi wa supu uja dzina lake anali ndani?"

"Aa, limenelo ndiye sindingaiwale. Mayi Gudrun. Anadzakhala mboni pa ukwati wanga."

Kuofesi, mkulu wa nyumbayo sadamubisire. Adati bedilo likapita kwa wina, lina likhoza kuchedwa kupezeka, ndipo mayiwo akadzasokonekera mwadzidzidzi padzakhala vuto. Adati kuiwala kwamtunduwu sikubwerera m'mbuyo.

"Ndamva," adatero Terrence. "Liperekeni kwa wina. Zikadzavuta ndidzathamanga nazo ndine."

Potuluka adamupeza Marites akutsuka makapu. Adaima pakhomo akupotokola chipewa.

"Mayi, ndinalankhula mopupuluma. Pepani."

"Ndazolowera. Mlungu wathawu mwana wa a Penner anabwera kudzadandaula kuti bambo ake akufuna thirakitala yawo." Adapukuta manja n'kutulutsa m'kabati buku lina la chikuto chobiriwira, lothothoka m'mbali. "Timakumana Lachinayi. Koma muno mulibe owonerera. Aliyense amanena maganizo ake."

Lachinayi lotsatira Terrence adafika atanyamula bokosi la madonasi. Asanavule n'komwe jasi, a Penner adamuloza ndi ndodo.

"Mnyamata iwe, uli mbali iti? Tichikoke chombochi kapena tichiphikire?"

"Sindinafike patali, bambo. Ndawerenga mitu iwiri yokha, tulo n'kundigwira."

"Mwana wa ndani ameneyu?" adatero mayi Stefania akugwedeza mutu. Adakoka mpando wa pambali pawo. "Bwera ukhale apa, ndikufotokozere ndine. Marites, dikira kaye."

Adayamba kuyambira pachiyambi penipeni, usiku umene chombo chidatera. Pena ankasakaniza maina, pena ankalumpha mutu wathunthu, ndipo a Penner ankakuwa kuwakonza, iwo n'kuwabwezera. Mwina zina zimene adafotokoza sizidali m'buku n'komwe. Terrence sadawakonze paliponse. Adangotsamira patebulo, khofi akuzizira m'manja, n'kumafunsa kuti, "Ndiye kenaka chinachitika n'chiyani, amayi?"